Kangaude wa M'dambo la Mayi Anga

Mwamuna wanga Kauko anakhala nane zaka makumi awiri ndi zisanu osandinamiza. Akamwa ankanena kuti wamwa, akataya nkhwangwa mumtsinje ankabwera kudzaulula yekha nkhope ili pansi. Bodza lake linali limodzi, la hilla, ndipo limenelo sitinkaliwerenga, chifukwa m'mudzi mwathu aliyense amanama za hilla, ngakhale abusa. Ukakumana ndi munthu atanyamula ndowa yodzaza tizipatso tachikasu timeneti n'kumufunsa komwe wathyola, iye amaloza kum'mawa, iwe n'kudziwa kuti kum'mawako ndiye sanapondeko. Dambo silikhala ndi mpanda, aliyense ali ndi ufulu wolowa n'kuthyola, ndiye mpanda wake ndi pakamwa pako basi.

Dambo langa linali Hallasuo. Anthu ankalidziwa ndithu, koma ankalidziwa ngati chithaphwi chomeza ng'ombe, chopanda phindu. Sankadziwa kuti kuseri kwa thope lonjenjemera lija kuli malo amene hilla zimabereka ngakhale chaka chimene chisanu chawononga maluwa kwina konse. Njira yake anandionetsa ndi mayi anga chaka chimene ndinakwatiwa, monga nawonso anaonetsedwa ndi mayi awo. Kauko ndinamutengerako titatha zaka khumi m'banja, ndipo ndinayamba ndamulumbiritsa. Ndinkadikira kuti mwana wathu Outi amalize sukulu yake ya unamwino kum'mwera, nditsogole, iye azindiponda m'mapazi. Ine ndilibe munda wanga kapena nyumba yanga. Chomusiyira mwanayo chinali njira imeneyo.

Mu 1979 komiti ya nkhalango ya mudzi wathu inagwirizana zokumba ngalande m'madambo onse kuti madzi achoke, paini akule. Wapampando anali Urpo, munthu amene akaona madzi aima penapake amadwala. Dambo likakumbidwa, hilla zimatha pa zaka zochepa, zimenezo ngakhale Urpo ankazidziwa. Boma linati madambo ena asiyidwe, n'kutumiza anthu oti aone oyenera kusiyidwa. Ife anatitumizira Ritva.

Ritva anali mayi wamfupi wa ku yunivesite, wovala jombo zazikulu ngati zobwereka, ndipo sankafuna mbalame kapena maluwa. Ankafuna akangaude. Osatinso akangaude enieni oti munthu n'kuwaona pakhoma, koma tating'onoting'ono tokhala mu ndere yonyowa. Amuna a pasitolo anaseka mpaka kutsokomola. Iye sanalabade. Ankakwirira makapu mu ndere mpaka m'milomo, n'kuthiramo madzi amchere ndi kadontho ka sopo, pamwamba n'kuika kadenga ka khungwa. Pakatha masabata awiri ankakhuthulira zomwe zagweramo m'botolo la sipiriti, n'kuponyamo kapepala kolemba dzina la dambo ndi tsiku. Ankalemba ndi pensulo, chifukwa inki imasungunuka mu sipiriti.

"Kangaude wopanda pepala ndi chinyalala," anandiuza tsiku lina akumwa khofi kwathu. "Pepalalo ndiye limalankhula ku ofesi, osati ine."

Madambo anali ambiri, iye anali yekha, ndiye ankagawa makapu kwa aliyense wofuna kuthandiza, mabotolo n'kumalandirira pasitolo Lachisanu. Ine ndinapempha makapu khumi. Ndinamuuza kuti kuli dambo lina limene iye sangafikeko ndi jombo zakezo. Kumayambiriro kwa Seputembala ndinakawatchera ndekha pakati pa Hallasuo, m'malo mwenimweni mwa hilla, n'kuzika timitengo tosonyeza pamene pali kapu iliyonse. Maganizo anga anali osavuta: dzina la dambo lilowe m'botolo, botolo lipite ku ofesi kum'mwera, m'mudzi muno asamve munthu.

Patangotha sabata ndinagwa pakhitchini ndi ululu wa m'mimba. Anati ndi timiyala m'ndulu, ndipo ndinagona m'chipatala masabata atatu. Makapu anakachotsa ndi Kauko. Atabwera kudzandiona ndinamufunsa ngati wapereka botolo kwa Ritva, iye anati wapereka. Sindinafunsenso china. Mpaka lero ndikakumbukira zimenezo ndimafuna kudzimenya ndekha.

Dzinja linadutsa. Mu Meyi, chipale chofewa chitayamba kusungunuka, ndinapita kusitolo kukagula ufa wa buledi n'kupeza chikalata chokhomedwa pachitseko. Dambo losiyidwa linali limodzi: Korppiaapa, chifukwa kwapezeka kangaude wosowa kwambiri amene sanaonekepo m'chigawo chathu. Ena onse akumbidwe, kuyambira ndi Hallasuo pa 4 Juni. Ndinawerenga kawiri. Korppiaapa ndi kadambo kouma ka m'mbali mwa msewu kumene anthu amatayako zitini, ndipo Ritva anandiuza yekha kuti kumeneko sataya nthawi yake. Ufa ndinauiwala pakauntala.

Kauko ndinamupeza akuwaza nkhuni kuseri kwa nyumba.

"Tasiyani nkhwangwayo. Botolo langa lija munati lachokera kuti?"

Anaimika nkhwangwa pachitsa, osandiyang'ana. "Panali anthu, Aulikki."

"Sindinafunse za anthu. Munati lachokera kuti?"

"Mayi uja anafunsa mokweza, pensulo ili m'manja. Urpo ali apa, mnzake Veijo ali apa, mkazi wa Urpo akunamizira kusankha mabatani. Ukanakhala iwe ukanatani?"

"Ndikanamukokera panja. Pakamwa mulibe? Miyendo mulibe? Sitoloyo ilibe khonde?"

"Zinangotuluka zokha. Munthu akakufunsa za dambo, umayankha dambo lina. Ndinayankha ngati mmene timayankhira."

"Ngati mmene timayankhira. Ndiye miyezi isanu ndi itatu yonseyi munali kuti? Kalata simudziwa kulemba? Mwadya nane, mwasamba nane nthunzi m'sauna, mwandionerera ndikusoka ndowa zansalu za chaka chino, pakamwa muli tsekee ngati nsomba yowuma."

"Ndinkaona ngati ndi tizilombo chabe. Ndani akanadziwa kuti boma lingamvere kangaude?" Kenako anadzutsa mutu. "Komanso unandilumbiritsa ndiwe. Unandiimika pamanda a mayi ako, unati ngakhale atandiika mpeni pakhosi ndisadzatchule dzinalo. Ndasunga lumbiro lako, lero ndalakwanso."

Apa ndiye anandipsetsa mtima koposa, chifukwa ankanena zoona. Ndinatola chikuni n'kuchiponya pakhoma la shedi, osati pa iye, ngakhale dzanja linkafuna. Munthu wokhulupirika koma wopanda nzeru ndi katundu wolemera kuposa wabodza.

Lamya inali ku positi. Ndinamukoka Kauko kuti akanene yekha, koma titafika anangogwira chomvera n'kumapumira m'menemo, mpaka ndinamulanda. Ritva anamvetsera osadula mawu. Atayamba kuyankha ndinachotsa chomveracho pakhutu pang'ono.

"Mukudziwa zomwe mwandichita? Ndinakhala dzinja lonse ndikuyang'ana kanthu kameneka pagalasi. Ndinakatumiza kunja kuti ena atsimikize. Ndasaina lipoti ndi dzanja langa, ndipo mukundiuza kuti ndasaina bodza chifukwa cha jamu wa hilla?"

"Si jamu, mayi," ndinatero. "Ndi dambo la mayi anga."

"Kaya ndi la ndani. Pepala la m'botolo likuti Korppiaapa. Sindingalifufute chifukwa mayi wina waimba lamya. Ndiyenera kukamupeza ndekha kangaudeyo pamalopo, ndi manja anga."

Anati akangaude akuluakulu a mtunduwu amapezekabe chipale chikangosungunuka, koma pofika pakati pa Juni amakhala atatha, kutsala tiana tosazindikirika. Iye akanatha kufika pa 10 Juni, osati tsiku lina lililonse m'mbuyo mwake. Chimakina chokumba chinali choti chiyambe pa 4. Ngalande yoyamba ikangotseguka, ofesi sidzaonanso chifukwa chosungira dambo lobooka kale. Panatsala njira imodzi, yoti komiti ivomere kudikira masabata awiri.

Msonkhano unachitikira m'kalasi ya sukulu Lamlungu masana, anthu atakhala pa timipando ta ana, mawondo ali m'zibwano. Anabwera ambiri, chifukwa mbiri inali itamveka kuti kwa Kauko kwavuta. Kauko anaimirira n'kunena mawu asanu ndi awiri kapena asanu ndi atatu, kuti botolo lija linachokera ku Hallasuo, kuti iye analakwitsa. Urpo anamwetulira ngati walandira mphatso.

"Walakwitsa? Ine ndinalipo, achimwene. Unanena momveka bwino kuti Korppiaapa. Ndiye tiuze, unanama liti, tsiku lija kapena lero?"

Anthu anaseka. Kauko anakhala pansi.

"Chimakina chabwera kale, chili pamphambano," anapitiriza Urpo. "Woyendetsa ali ndi midzi ina yomudikira. Ndipo tonse tikudziwa kuti pakati pa Hallasuo sipafika munthu. Bambo anga anatayako ng'ombe. Makapu amenewo anakatchera ndani, bakha?"

"Ndinakatchera ine," ndinatero.

"Aa, mayi Aulikki. Munauluka?"

"Ndinayenda ndi miyendo, Urpo, imene iwe umagwiritsa ntchito pochoka pagalimoto kupita patebulo."

"Ngati kuli njira, itchuleni. Mawa titume anthu atatu akaone timitengo tanuto. Akakatipeza, tidikira. Apo ayi, tisatayitsane Lamlungu."

Ndinayang'ana Kauko. Ankayang'ana chipewa chake. Ndinayang'ana pazenera, ndipo ndinaona kuti palibe wina aliyense woti anene m'malo mwanga. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndinapempha kuti ndiuze anthu atatuwo paokha, koma Urpo anati nkhani ya komiti imakambidwa pagulu ndipo imalowa m'buku, ndiye lamulo. Ankadziwa chimene akuchita. Onse m'chipindamo anali atazindikira tsopano chifukwa chimene banja lathu linkadzaza ndowa zaka zimene ena ankabwerako ndi udzudzu wokha.

Ndinaimirira n'kunena. Ndinanena za mwala wong'aluka wa kumpoto kwa dambo, kumene umasiya njira ya mphalapala. Ndinanena kuti suyenda molunjika, umatsata timitengo tofupika mpaka pa paini wouma wopendekeka, pamenepo n'kukhotera kumanzere ngakhale maso akukuuza kuti kumanzereko ndi madzi. Pansi pa madziwo pali mitengo imene agogo anga aamuna anagoneka kalekale, mapazi awiri m'lifupi, ndipo uyenera kuifufuza ndi ndodo. Ndinanena zonse, chifukwa ndikanabisa pang'ono munthu akanamira. Mawu amene mayi anga anandinong'oneza tili awiri, udzudzu uli m'makutu, ndinawayala m'kalasi ya ana ngati ndikuphunzitsa samu.

Onse m'chipindamo anatchera khutu. Sikunali kumvetsera kwa ulemu. Ndinkaona milomo ya azimayi ikuyenda, akubwereza chamumtima. Helmi, mkazi wa Urpo, ankalemba kuseri kwa envelopu atayibisa pansi pa chikwama, ngati ine ndilibe maso. Mlembi wa komiti anandifunsanso kuti, "Pepani mayi, mwati kumanzere?" Ndinamuyankha kuti inde, kumanzere, ndipo akafuna ndimujambulirenso.

M'mawa mwake amuna atatu anapita, anapeza timitengo khumi ndi madenga a khungwa, anabwerako atanyowa mpaka m'chiuno koma nkhope zili zowala. Anali ataona maluwa oyera a hilla atayala ngati nsalu. Komiti inakweza manja, ndipo chimakina chinapita kukayamba kwina.

Ritva anafika pa 10 monga ananenera. Iye sanamupatse moni Kauko. Masiku atatu tinakhala m'dambomo, iye atagwada, akuzula ndere ndi manja, kuifinya pang'ono, kuigwedeza m'sefa pamwamba pa mbale yoyera, n'kudikira kuti kaoneke koyenda. Madzi anali ozizira moti zala zinkauma. Tinthu tambiri tinkayenda pambalepo, iye n'kumatiyang'ana pagalasi lake lapakhosi, kupukusa mutu, kutaya. Kuona maso a nkhono n'kudekha, koma ine kudekha kunali kutandithera. Ndinkaganiza kuti ngati kanthuka sikapezeka, ndiye kuti ndadzivula pagulu pachabe ndipo dambo lipitabe.

Tsiku lachitatu chakumasana anasiya kupukusa mutu. Anakhala nthawi yaitali ataweramira mbale, kenako anandipatsa galasi.

"Uyu. Wamwamuna. Taonani mutu wakewo."

Popanda galasi kanali kadontho ngati kambewu ka fodya. Pagalasi kanali kangaude weniweni, wofiirira, miyendo yoonekera mkati, pamutu pali kanundu ngati wavala chipewa chomuchepa. Ankayenda m'mphepete mwa dontho la madzi mosafulumira, ngati mwini malo. Ritva anati tinthu timeneti sitigona ngakhale m'dzinja, timayendayenda pansi pa chipale n'kumasaka, ndipo chimene sitipirira ndi kuuma kokha. Ndere ikangouma timatha. Ankanena zimenezi ali ndi chimwemwe chachikulu.

Ine sindinasangalale. Ndinamuyang'ana kangaudeyo n'kumuuza chamumtima kuti iwe, mayi anga anayenda pano zaka makumi asanu, agogo anga anagoneka mitengo m'madzi oundana, koma boma silinamvepo dzina lawo. Iwe wangogwera m'kapu basi, dambo lonse lalembedwa m'dzina lako. Ritva anamuika m'botolo, analemba kapepala, n'kundionetsa kuti ndiwerenge ndekha. Kanali kolondola.

Chikalata chatsopano chinakhomedwa kumapeto kwa Juni. Hallasuo isakumbidwe. Anthu ankandigwira chanza pasitolo, ena mpaka kundithokoza, ndipo kuthokoza kwawoko ndinkakumva bwino tanthauzo lake. Kunyumba Kauko ankandiikira khofi patebulo m'mawa uliwonse, ine n'kumangomwa. Tsiku lina anati, "Komatu dambo lapulumuka, Aulikki." Ndinamuuza kuti akanatsegula pakamwa kwa munthu mmodzi pakhonde la sitolo, dzinalo likanagona m'botolo kum'mwera, koma chifukwa anaopa makutu atatu, ine ndadyetsa makutu makumi asanu ndi limodzi. Sananenenso za dambo.

Outi anabwera kumapeto kwa Julayi, sukulu atamaliza. Nkhani yonse anali ataimva kale kwa anzake asanatsike n'komwe basi. Ndinamuuza kuti mawa tikupita ku Hallasuo, ndipo ndinamupatsa ndodo ya mayi anga. Ndinali nditawerenga masiku bwino: hilla zinali zoti zipse sabata imeneyo, osati m'mbuyo mwake.

Pamsewu wa kumpoto tinapeza magalimoto asanu ndi anayi. Awiri sanali a m'mudzi mwathu n'komwe. Pa mwala wong'aluka wina anali atamangapo kansalu kofiira. Kuchokera pamenepo ndere inali itapondedwa mpaka kuda, njira yotakata yoti ngakhale wakhungu sangasochere, ndipo pa paini wopendekeka, pamene mayi anga anandigwira dzanja n'kundiuza kuti ndisakhulupirire maso anga, munthu wina wachifundo anali atazika mitengo mbali zonse ziwiri za mlatho wobisika uja. Tinakumana ndi Helmi akubwerera, ndowa ziwiri. Theka la zipatso zake zinali zofiira, zolimba, zosapsa, zothyoledwa ndi makoko omwe kuti wina asamuyambirire.

"Mwachedwatu, anzanga," anatero. "Koma chakumapeto uko zatsalako."

Zomwe zinabwera pakamwa panga sizinali zoti mwana amve. Ndinaima pamenepo ndikupuma, ndikukonza mawu amene ndinawasunga zaka zonsezi, oti apa mwanangu umafufuza ndi ndodo, apa suthamanga, apa agogo ako anagwapo ali ndi pakati pa ine. Nditadzutsa maso, Outi anali atawoloka kale. Ndodo anali atainyamula paphewa ngati khasu, jombo zikungoponda m'mapazi a anthu ena.

Anatembenuka ali tsidya. "Bwerani, amayi, musaope. Ingopondani mmene ndapondamo inemo."

Ndinanyamula ndowa yanga n'kumutsatira.